Kodi pa wrestling palibe amene amavulala?

Mphekesera imati omenyana a wrestling samva kuwawa, ringi ndi matiresi, magazi ndi tomato sosi. Chowona n'chakuti wopambana amasankhidwiratu ndi mwini chionetsero. Zina zonsezo n'zabodza.

Stu Hart, amene mu 1948 anayambitsa kampani yomwe inadzatchedwa Stampede Wrestling, ankaphunzitsira m'chipinda chapansi cha nyumba yake ku Calgary, m'dziko la Canada. Iye anakulira m'masewera ogwetsana enieni, ndipo ankapotokola mikono ndi makosi a ophunzira mpaka kukuwa kwawo kumamveka m'nyumba monse. Ana ake Bret ndi Owen anadutsa momwemo. Nkhanzazo zinali zopitirira, komabe wophunzira ankatulukamo akudziwa kugwa bwino ndi kugwira mnzake osamuthyola.

Pansi pa ringi pali matabwa ndi zitsulo, pamwamba kasiponji kochepa chabe. Magazi ambiri a m'masiku amenewo anali enieni: womenyana ankadzicheka pamphumi ndi kachidutswa ka lezala kobisa m'bandeji.

Owen Hart anamwalira mu 1999 ku Kansas City, m'dziko la America, atagwa kuchokera kudenga pamene ankatsitsidwa ndi chingwe kuti alowe mu ringi.