Utsi Umasintha Ukafika M'mlengalenga: Tetezani Mapapo Anu

Anthu a ku Kankoyo, m'tauni ya Mufulira ku Zambia, ali ndi dzina la mpweya womwe umawatsamwitsa kuchokera kumalo osungunulira kopa. Amautcha senta. Akatswiri amati sulfur dioxide. Umatuluka powotcha malasha ndi dizilo wokhala ndi sulfur wambiri, komanso posungunula miyala ya kopa. Fungo lake ndi lija limakulasani m'mphuno mukangoyatsa machesi.

Chomwe ambiri sitidziwa n'chakuti mpweyawu sukhala momwe watulukira. Dzuwa likawomba, m'mlengalenga mumapangika tizinthu totchedwa hydroxyl, tomwe timawonjezera okosijeni pa sulfur dioxide. Zikakumana ndi chinyezi, pamabadwa asidi wamtundu womwewo wa m'batire la galimoto. M'timadontho ta chifunga kusinthaku kumachitika msanga kwambiri. Asidiyo amasanduka tinthu tosaoneka ndi maso, timene timadutsa mphuno ndi kukhosi mpaka kukakhazikika mkati mwa mapapo, ndipo mphepo imatha kutitengera kutali ndi fakitale.

Mu Disembala 1952, kuyambira pa 5 mpaka pa 9, utsi wa malasha unasakanikirana ndi chifunga ku London. Poyamba anawerengera imfa pafupifupi 4,000. Kafukufuku wam'mbuyo mwake anati zinafika cha m'ma 12,000. Lamulo loletsa utsi wotere linabwera mu 1956.

Pali mtundu wina wa utsi womwe sufuna chifunga, umafuna dzuwa. Ku Los Angeles, ku America, katswiri Arie Haagen-Smit anasonyeza kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950 kuti utsi wa galimoto ndi nthunzi ya petulo, dzuwa likaziphika, zimapanga ozone, mpweya wopweteka mapapo, pansi pomwe timapumira. Ozone ameneyu amachuluka masana kukatentha, maso n'kumayabwa.

Oyamba kuvutika ndi odwala mphumu: mphindi zochepa chabe, chifuwa chimathina, kupuma kumalira ngati mluzu. Ana, okalamba ndi odwala mtima nawonso ali pachiopsezo.

Mukamva fungo longa la machesi lija kapena kuona utsi utagona pansi, makamaka m'mawa wozizira wa Juni ndi Julayi, lowetsani ana m'nyumba ndipo tsekani mazenera. Wodwala mphumu asasiyane ndi inhela yake. Musathamange kapena kugwira ntchito yolemetsa m'mbali mwa msewu wodzaza galimoto dzuwa lili paliwombo. Masiki ansalu satchinga mpweyawu, choncho musadalire amenewo. Abale athu okhala cha ku eMalahleni ndi Secunda ku South Africa, komwe malasha amayaka usana ndi usiku, chonde musalowetse mbaula m'chipinda chotseka.

Munthu akamalephera kumaliza chiganizo chifukwa chobanika, milomo ikada, kapena inhela ikapanda kuthandiza, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.