Bodi sikuyankha imelo zanu? Taonani kaye mmene mwalembera

Madayilekitala ambiri a mabungwe omwe si aboma amadandaula zofanana, akuti bodi yanga ndi yogona, ndikatumiza imelo kuli zii. Koma ukawauza kuti taonetsani imeloyo umapeza mutu wake ndi "Update" basi, ndime 7 zazitali, ma attachment 4, ndiye chomwe akufuna kwenikweni, choti bodi ivomereze kusintha bajeti pasanafike Lachisanu, chabisala pa ndime 6 pakati pa nkhani ya galimoto yowonongeka ndi moni wa mlendo yemwe anabwera ku ofesi.

Mamembala a bodi ambiri salandira malipiro, ali ndi ntchito zawo, ndipo imelo yanuyo akuiwerenga pa foni pakati pa misonkhano iwiri. Amaona mutu ndi mizere itatu yoyamba, akapanda kuona chomwe mukufuna amati ndiwerenga madzulo, madzulowo safika ayi. Ndiye chofunikacho chikhale pamutu penipeni: "Tikufuna chivomerezo chanu: kusintha bajeti, pofika Lachisanu 12 koloko". Mzere woyamba unene chomwe mukupempha, zifukwa zibwere pansi. Imelo imodzi, pempho limodzi. Ngati ndi yongodziwitsa nenani kuti palibe chofunika kuyankha, anthu amasangalala nazo zimenezo.

Ma attachment nawo, Gmail salola kupitirira 25MB, koma vuto si kukula kwake, vuto ndi kutumiza malipoti usiku msonkhano uli mawa mmawa. Munthu amene sanawerenge lipoti la ndalama amangogwedeza mutu, pomwe pamalamulo iyeyo ndi amene adzafunsidwe ndalama za ma donor zikasokonekera. Mapepala a msonkhano apite kutatsala sabata, mu fayilo imodzi, ajenda pamwamba.

Pomwe ndimaona anthu akudzipweteka kwambiri ndi pa nkhani yopanga ziganizo pa imelo. Dayilekitala walemba kuti "ngati palibe wotsutsa pofika mawa ndiye kuti mwavomera", atatu ayankha "OK", anayi sanatsegule nkomwe, iye wapita kukasayina kontrakiti. Kukhala chete si kuvomera. Tsegulani malamulo a bungwe lanu muone ngati amalola kuvota pa imelo, chifukwa ena salola, ena amalola pokhapokha membala aliyense atavomera molemba, osati ambiri chabe ngati pa msonkhano. Ndipo chiganizocho chikalowe mu maminitsi a msonkhano wotsatira, apo ayi odita (wofufuza mabuku a ndalama) akadzafunsa kuti anavomereza ndani mudzayamba kufufuza mu inbox thukuta lili kamukamu.

Komanso imelo si malo okangana. Nkhani ikangofika pa Reply All (kuyankha onse nthawi imodzi) kachitatu anthu ayamba kupsetsana mitima, itanitsani msonkhano olo wa pa Zoom wa mphindi 20. BCC (kutumizira wina kope la imelo ena osaona) pa nkhani za bodi isiyeni, mukamuika wina mobisa iye nkudina Reply All, aliyense adziwa kuti mumamuonetsa mwakabisira, kukhulupirirana kwathera pomwepo.

Nkhani zoipa, kaya donor wasiya kupereka ndalama kaya wantchito wagwidwa ndi chinyengo, wapampando ayambe wamva pakamwa panu, muimbireni foni. Mukagwirizana zonena, imelo yopita kwa onse ituluke tsiku lomwelo, ndipo nthawi zina ndi bwino aitumize wapampandoyo osati inu.