Uthenga wabodza umafika utavala bwino

Amayi ena ogulitsa tomato ku Soweto Market kuno ku Lusaka anandifunsa chomwe ndimachita tsiku lonse pa kompyuta. Ndinati ntchito yanga siyitalikirana ndi yawo: munthu amene amagula kamulu kamodzi tsiku ndi tsiku akati lero akufuna makireti khumi pangongole, iwo amayamba amuyang'anitsitsa kaye. Inenso ndimayang'anitsitsa zachilendo zochitika pa netiweki ya mafoni kuti ndigwire zachinyengo.

Chilichonse choyenda pa netiweki, kaya ndi WhatsApp kapena ndalama za pafoni, chimadulidwa m'tizidutswa totchedwa mapaketi. Paketi iliyonse imanyamula nambala yotsimikizira, checksum, yowerengedwa kuchokera pa zomwe zili m'kati mwake.  Makina olandira amawerengeranso, ndipo zikasiyana paketiyo imatayidwa, TCP, dongosolo loyendetsera mapaketi pa intaneti, n'kutumizanso ina.

Koma checksum imangoona ngati katundu wasweka panjira. Wotumizayo akanama, iyo ilibe nazo ntchito. Apa ndi pomwe timagwiritsa ntchito data mining, kufukula m'mulu wa zolembedwa zakale kuti tidziwe chizolowezi, kenako n'kuona chomwe chapatuka.

Mwina munalandirapo foni ya m'bale wanu wa ku London ikuoneka ndi nambala ya kuno. Kawirikawiri imeneyo ndi SIM box, kabokosi kodzaza masimu komwe kamalandira mafoni akunja kudzera pa intaneti n'kuwalowetsa ngati a konkuno, pozemba malipiro. Foni iliyonse payokha imaoneka yabwinobwino. Chowaulula ndi khalidwe. Kampani ya mafoni imasunga nambala yoimba, yoimbiridwa, nthawi, kutalika kwa foni ndi nsanja yomwe yagwiritsidwa ntchito. Simu ya munthu imadzuka ku Chawama, masana ili mu Cairo Road, imaimbira anthu omwewomwewo, nayonso imaimbiridwa. Ya m'kabokosi sichoka pansanja imodzi, imaimbira manambala osadziwana usana ndi usiku, ndipo palibe woifuna. Kompyuta ikasanja masimu m'magulu potengera khalidwe, zoterezi zimatsala pazokha.

Chondivuta ine ndi chakuti chizolowezi chimasintha. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri patsiku, mafoni a komboni yonse n'kukhala chete nthawi imodzi. Makina ophunzitsidwa ndi za chaka cham'mbuyo angathe kukuwa kuti kwagwa zoopsa, pomwe anthu angosowa potchajira. N'chifukwa chake sindikhulupirira kwenikweni wophunzira akandionetsa zotsatira zokongola za pa KDD Cup 1999, deta yoyesera makina ogwira olowerera pa netiweki: deta imeneyo inakonzedwa WhatsApp ndi ndalama za pafoni kusanabwere.

Palinso mnyamata wa pabuthi ya ndalama ku Kamwala. Nayenso sasuntha, ndipo tsiku lonse amachita ndi manambala achilendo. Kompyuta ingamuike gulu limodzi ndi kabokosi kaja. Ndiye makina akaloza simu, ine ndimatsegula kaye mbiri yake ya miyezi ingapo, ndione ngati madzulo imabwerera kunyumba.