Hanimuni ya ku chipale chofewa: yambani ndi mudzi, phiri libwere pambuyo

Akwati ambiri amene amandifunsa za hanimuni ya kumapiri a ku Ulaya amabwera ndi chithunzi mufoni: kanyumba ka matabwa, denga loyera mbee ndi chipale chofewa, nyali pazenera, kumbuyo kwake phiri losongoka. Funso lawo limakhala lakuti, "Phiri labwino kwambiri lochitirako ski ndi liti?" Ine ndimawabweza kaye. Munthu amene akuyamba kumene masewera otsetsereka pa chipalewa akatha maola atatu kapena anayi, miyendo imayamba kunjenjemera, thupi limafuna mpando. Maola ena onsewo mumakhala muli m'mudzi: mukuyenda m'misewu yake, mukudya, mukuotha moto, mukucheza. Hanimuni imakomera kapena kuwonongekera m'maola amenewo. N'chifukwa chake ndimauza akwati kuti asankhe mudzi umene angasangalale nawo ngakhale mmodzi wa iwo atavula ma ski, matabwa aatali otsetserekera ovala kumapazi, tsiku lachiwiri n'kunena kuti basi, zandikwana.

Tiyambe ndi Zermatt, ku Switzerland, chifukwa zithunzi zambiri za mufoni zija zimakhala za kumeneko. Mudziwu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, m'munsi mwa phiri la Matterhorn lomwe ndi lalitali mamita 4,478 ndipo linakweredwa koyamba mu 1865. Galimoto za alendo siziloledwa kulowa. Zimathera pa Täsch, makilomita asanu kumunsi, ndipo kuchokera apo mumakwera sitima kwa mphindi 12. Mukatsika pa siteshoni mumapeza timagalimoto ta magetsi ta mahotelo tikudikira alendo, pena ngolo yokokedwa ndi akavalo ovala mabelu. Mukapatuka pang'ono pa msewu waukulu wa masitolo a mawotchi, mumalowa kudera lakale komwe kuli nkhokwe za matabwa akuda bii ndi ukalamba, zoimikidwa pa timizati tokhala ndi mwala wafulati pamwamba kuti makoswe asakwere. Madzulo chimene mumamva ndi nsapato zikuphwanya chipale ndiponso mtsinje umene umadutsa pakati pa mudzi.

Ubwino waukulu wa Zermatt kwa akwati ndi wakuti munthu wosachita ski amafika pamwamba pa mapiri mofanana ndi mnzake. Sitima ya Gornergrat, yomwe inayamba kuyenda mu 1898, imakufikitsani pa mamita 3,089 mutakhala pampando wofunda. Kumeneko n'kumtunda kuposa nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, yomwe ili pa mamita 3,002. Chikepe cha pachingwe chopita ku nsonga ina yotchedwa Klein Matterhorn chimafika pa mamita 3,883. Koma pali zinthu ziwiri zimene zotsatsa malonda sizinena. Choyamba, Zermatt ndi yodula kwambiri, ngakhale poyerekeza ndi malo ena a ku Switzerland komweko. Chachiwiri, njira zake zambiri zotsetserekera zimayenera anthu ozolowera. Malo a ophunzira alipo, ku Sunnegga, koma ali kumtunda, mumachita kukwerera sitima ya pansi pa phiri. Ngati cholinga chenicheni n'kuphunzira ski, pali malo oposa amenewa.

Malo amene ine ndimawakonda kwa akwati oyamba kumene ndi Wengen, ku Switzerland komweko. Nako kulibe galimoto za alendo. Mumafika pa sitima yochokera ku Lauterbrunnen. Mudziwu ndi waung'ono, unakhala pa khonde la phiri loyang'ana dzuwa, pa mamita pafupifupi 1,270, ndipo bwalo la ophunzira lili pakati penipeni pa mudzi. Zimenezi zili ndi phindu lalikulu: mmodzi akatopa amangovula ma ski, kuyenda mapazi ochepa, kukhala pansi ndi kapu ya chokoleti chotentha n'kumaonerera mnzake. Palibe wosiyidwa yekha pamwamba pa phiri. Tsiku lopuma mukhoza kukwera sitima yopita ku Jungfraujoch, siteshoni yomwe inatsegulidwa mu 1912 pa mamita 3,454 ndipo ndi yapamwamba kuposa ina iliyonse ku Ulaya. Usiku ku Wengen kumakhala zii. Ena amakuona kuzizira moyo, koma akwati amene angotuluka m'phokoso la chinkhoswe, komiti ya ukwati ndi perekaniperekani nthawi zambiri amafuna bata lomwelo.

Ku France anthu amadziwa kwambiri Chamonix, komwe kunachitikira masewera oyamba a Olimpiki a nyengo yozizira mu 1924, m'munsi mwa phiri la Mont Blanc. Ndi tauni yokongola ndiponso yamoyo, ndipo chikepe chopita ku nsonga ya Aiguille du Midi, pa mamita 3,842, n'chosaiwalika. Koma kwa akwati oyamba ndimakayika nayo. Malo ake ochitira ski anamwazikana m'chigwa chonse moti mumayendera basi mutanyamula zida, ndipo mapiri ake ndi otsetsereka kwambiri. Megève, yomwe ili chapafupi, ndiye yofatsa. Inatukuka m'ma 1920 pamene Noémie de Rothschild anafuna kuti France ikhale ndi malo opikisana ndi St. Moritz, malo otchuka a ski a ku Switzerland. Pakati pake pali tchalitchi chakale, timisewu ta miyala, ngolo za akavalo, ndipo njira zake zimadutsa m'nkhalango mosathamangitsa mtima. Vuto lake ndi limodzi, lomwe ndifotokoze bwino chifukwa limakhudza kusankha kulikonse.

Chipale chofewa chimadalira kutalika kwa malo. Mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Midzi yakale yokongola inamangidwa ndi alimi, ndipo alimi ankakhala kumunsi kumene kuli msipu. Choncho Megève ili pa mamita 1,100 okha, Kitzbühel ya ku Austria siyifika ngakhale 800. M'zaka zofunda, kumayambiriro kwa December kapena kumapeto kwa March, mukhoza kupeza madenga ali mbulanda, mvula ikugwa m'malo mwa chipale. Makina opopera chipale amathandiza pa njira za ski, koma sayeretsa madenga ndi mitengo, ndipo madenga ndi mitengoyo ndi zimene munaziona pa chithunzi. Mbali inayi kuli malo ngati Val Thorens ku France, pa mamita 2,300, omwe anamangidwa m'ma 1970 kaamba ka ski basi. Chipale sichisowa kumeneko, koma kulibe mitengo, kulibe mudzi wakale, n'zinyumba zosanjikizana. Kwa katswiri wa ski ndi malo abwino zedi. Kwa hanimuni ine sindingakutumizeniko. Malo ochepa amene ali ndi zonse ziwiri, ukale ndi kutalika, monga Zermatt ndi Saas-Fee ku Switzerland ndi Lech ku Austria, ndi omwenso mtengo wake uli pamwamba, ndipo chifukwa chake n'chomwecho.

Ku Italy kuli Cortina d'Ampezzo, pakati pa mapiri a Dolomites omwe UNESCO inawaika m'kaundula wake wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 2009. Inachititsa Olimpiki mu 1956 ndipo inasankhidwanso, pamodzi ndi Milan, kuchititsa ya 2026. Alendo ambiri a ku Italy amapita kumeneko kukadya ndi kukawongola miyendo mu Corso Italia, msewu waukulu wa tauniyo, madzulo, moti wosachita ski sadziona wachilendo. Ili pa ulendo wa maola awiri kapena kuposera pang'ono kuchokera ku Venice, mzinda womangidwa pamadzi, ndiye mukhoza kugawa hanimuni pawiri, masiku ena kumapiri, ena mumzinda wa pamadzi uja.

Tsopano nthawi. Nyengo ya ski ku Ulaya imayamba mu December n'kutha mu April, koma masabata ake safanana. Pakati pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano mitengo imakwera koopsa, ndipo mahotelo ambiri safuna mlendo wa masiku awiri kapena atatu. Mu February ana a sukulu a ku France, Britain ndi mayiko ena amakhala pa tchuthi, mizere pa zikepe imatalika. Masabata a pakati pa January ndi otsikirako mtengo ndiponso opanda piringupiringu, kungoti kumazizira kwambiri ndipo dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko, m'midzi ya m'zigwa zakuya limabisala msanga kuposa apo. Onaninso kalendala ya mipikisano: Wengen imadzaza pa mpikisano wa Lauberhorn ndipo Kitzbühel pa wa Hahnenkamm, yonse mu January. Kwa munthu amene thupi lake linazolowera kutentha kwa kwathu, ine ndimasankha masabata awiri oyamba a March, m'mudzi wa kumtunda. Masiku amakhala atatalika, mukhoza kudya nkhomaliro panja dzuwa likuwomba, chipale chidakalipo chambiri.

Pali nkhani imodzi imene ndimayinena mosapsatira mawu kwa akwati onse. Ngati mmodzi wa inu amatha ski, asaphunzitse mnzake. Zimafanana ndi bambo kuphunzitsa mayi a kunyumba kuyendetsa galimoto: wophunzitsayo amatopa, wophunzirayo amachita manyazi, madzulo kulankhulana kumavuta. Lipirani mlangizi wa sukulu ya ski m'mawa uliwonse kwa masiku atatu oyamba, mukumane pa nkhomaliro. Tsiku loyamba ndi lowawa kwa aliyense. Nsapato za ski ndi za pulasitiki wolimba, zimagwira mwendo mpaka pakati pa msongolo ndi zomangira zachitsulo, ndipo mumayenda nazo movutikira. Pobwereka, valani sokosi imodzi yokha yaitali, musalowetse buluku mkati, ndipo zikamakupwetekani bwererani kusitolo akakusinthireni. N'zololedwa ndipo amazolowera. Njira zimalembedwa ndi mitundu. Ku Switzerland, Austria ndi Italy yabuluu ndiyo yosavuta, yofiira ndi yapakati, yakuda ndi ya akatswiri; ku France kulinso yobiriwira, yofewa kuposa yabuluu. Musanasankhe mudzi, tsegulani mapu ake a njira muone ngati pali njira yabuluu yofika kumudzi, kapena chikepe chotsika nacho.

Posankha hotelo, funsani mtunda wake kuchokera pa chikepe ndi pakati pa mudzi, ndiponso ngati njirayo ndi yokwera. Mamita 500 okwera, mutavala nsapato zija, ma ski ali paphewa, ndi ulendo. Mahotelo ambiri a kumapiri amagulitsa chipinda pamodzi ndi kadzutsa ndi mgonero, ndipo ku Switzerland zimenezi zimapulumutsa ndalama zambiri. Siyani usiku umodzi kapena uwiri woti mukadye kunja fondue, tchizi chosungunula mumphika chimene mumaviika buledi nonse awiri. Auzeni a hotelo kuti muli pa hanimuni pamene mukusungitsa malo. Powerengera ndalama kumbukirani kuti tikiti ya zikepe, kubwereka zida ndi maphunziro zimalipiridwa padera, ndipo zikaphatikizana zimatha kuyandikira mtengo wa chipinda. Oyamba kumene asathamangire tikiti ya sabata yonse ya mapiri onse, chifukwa masiku oyamba amathera pa bwalo la ophunzira lomwe nthawi zambiri lili ndi tikiti yake yotchipa.

Za mapepala musazichedwetse. Switzerland, France, Austria ndi Italy onse ali m'dera la Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya olowamo ndi viza imodzi, ndipo wokhala ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique kapena Zimbabwe amafunika viza, ngakhale atakhala kuti amakhala ku Britain kapena ku South Africa. Mtengo wake unakwera kufika pa ma euro 90 mu 2024, ndipo mukhoza kupempha kutatsala miyezi isanu ndi umodzi. Amafunanso inshuwalansi ya zachipatala yofika ma euro 30,000. Apa chenjerani: inshuwalansi yokwanira kupezera viza kawirikawiri siiphatikiza ngozi za pa ski. Pemphani kuti awonjezere masewera a nyengo yozizira, zilembedwe, chifukwa kumapiri wovulala amatsitsidwa ndi gulu lopulumutsa anthu kapena helikopita, ndipo bilu imabwera kwa iye. Tikiti ya ndege ilembedwe dzina lomwe lili mu pasipoti. Mkwatibwi amene watenga dzina la mwamuna koma pasipoti sanasinthe ayende ndi dzina lake lakale.

Dzuwa la pa chipale limawotcha khungu lililonse, lakuda lomwe, chifukwa chipale chatsopano chimabweza mbali yaikulu ya kuwala kwake. Mafuta oteteza khungu, mafuta a milomo ndi magalasi akuda n'zofunika tsiku lililonse. Musakwere ku Klein Matterhorn kapena Jungfraujoch tsiku lomwe mwafika. Pamwamba pa mamita 2,500 mpweya umachepa ndipo mutu ukhoza kupweteka, choncho gonani kumudzi masiku awiri kaye ndipo muzimwa madzi ambiri.

Maukwati ambiri kwathu amachitika m'chilimwe, mvula isanayambe, pamene ku Ulaya kulibe chipale m'midzi. Mukhoza kudikira mpaka January kapena March, ndipo kudikirako kumakupatsani mpata wa viza. Ngati ukwati uli mu June, July kapena August ndipo simukufuna kudikira, yang'anani kum'mwera kwa dziko lapansi. Bariloche ku Argentina ili m'mbali mwa nyanja ya Nahuel Huapi, pafupi ndi phiri la Cerro Catedral, ndipo imadziwika ndi masitolo a chokoleti. Queenstown ku New Zealand nayo ili pa nyanja, malo a ski ali kunja kwa tauni. Kwa abale athu okhala ku South Africa kuli Afriski ku Lesotho, pa mamita oposa 3,000 m'mapiri a Maloti, ulendo wa maola pafupifupi asanu pa galimoto kuchokera ku Johannesburg. Ndi malo aang'ono, njira yake yaikulu ndi ya kilomita imodzi, chipale chake chambiri n'chopopera, ndipo palibe mudzi woyendamo madzulo. Ndi abwino kukayeserako masiku awiri kuti mudziwe ngati nonse mumaikonda ski musanalipire ulendo wa ku Ulaya, koma funsani kaye ngati atsegula nyengo imeneyo musananyamuke.