Namwino akafunsa molakwika, matenda amabisala

Mayi akafika ku matenite matenda atayamba, mzamba amafunika kudziwa ngati mayiyo wamwa mankhwala achikuda ofulumizitsa kuchira, monga mwanamphepo. Mankhwala oterewa amatha kuchititsa chiberekero kukungika mwamphamvu kosapumira, mwana n'kuyamba kubanika m'mimba, mwinanso chiberekero n'kung'ambika. Mzamba akawonjezerapo oxytocin, mankhwala a kuchipatala okungitsa chiberekero, asakudziwa, ngoziyo imakula. Tsono yankho limadalira mafunsidwe. Akati, "Simunamwetu zakumudzi, eti?" mayi aliyense ayankha kuti ayi, chifukwa wamva kale kuti akavomera akalipiridwa. Koma akati, "Amayi ambiri amapatsidwa kenakake kunyumba matenda akayamba. Inuyo munalandira chiyani, ndipo inali nthawi yanji?" nthawi zambiri mayi amaulula, ena amatulutsa ndi botolo lomwe m'chikwama.

Anamwino amaphunzira kucheza kotereku kusukulu monga amaphunzirira kubaya jakisoni, ndipo kuli ndi ndondomeko yake.

Poyambira ndi pa moni. Namwino atchule dzina lake ndi ntchito yake, ndipo ngati pali mpando akhale pansi, chifukwa munthu wogona pabedi samasuka ndi womuimirira pamutu. Wodwala atchulidwe mwaulemu, agogo, bambo, mayi, osati "bedi 4" kapena "wa TB uja". Potsimikiza dzina, asafunse kuti "Ndinu auje?" Wodwala wofooka kapena wovutika kumva amangovomera. Afunse kuti "Dzina lanu ndani?" kenako ayerekeze ndi lomwe lili m'buku la kuchipatala, poti zimachitika munthu kutenga buku la mnzake wa m'nyumba. Zonsezi sizitenga ndi mphindi imodzi yomwe.

Funso loyamba likhale lotakasuka: "Tandiuzani, chakubweretsani n'chiyani?" Akafunsa akhale chete. Apa ndi pamene ambiri amalephera, makamaka mzere ukatalika panja. Munthu wamkulu sayamba ndi chimene chikumuopsa kwambiri. Ayambira kutali, nthawi yokolola, chifuwa chimene chinamugwira ku maliro, ndipo za magazi amene akuona m'makhololo amazitchula kumapeto. Ukamudula pa mawu oyamba, walemba chifuwa wamba pomwe pamafunika kuyeza makhololo. Ndi bwino kumusiya alankhule mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako n'kuyamba mafunso olunjika.

Mawu amene odwala amanena ndi otambalala, ndipo namwino sayenera kuwalemba osawafufuza. "Malungo" angakhale kutentha thupi kwa mtundu uliwonse, n'chifukwa chake timayeza magazi kaye. "Mtima ukundipweteka" angakhale chilungulira, angakhale matenda a mtima enieni, angakhalenso chisoni cha munthu woferedwa. Namwino apemphe wodwala aloze ndi chala pamene pakupweteka, afunse kuti kunayamba liti, kukubaya, kukuwotcha kapena kukufinya, kukufalikira kuti, chimene chimakuchepetsa n'chiyani. Ululu wofinya pachifuwa wopita ku mkono wamanzere kapena ku nsagwada, limodzi ndi thukuta, sudikira mzere. Kukula kwa ululu kumayezedwa pofunsa nambala kuyambira 0 mpaka 10, ndipo kwa mwana kapena wosazolowera manambala pali zithunzi za nkhope. Akamaliza, namwino abwereze zomwe wamva: "Ndiye mukuti mutu unayamba masiku atatu apitawo, ndipo dzulo munayamba kuona zachimbuuzi. Ndamva bwino?" Wodwala amakonza pomwepo ngati penapake paphonyeka.

Chimene chimasocheretsa anamwino ambiri ndi "inde". Kwathu kuno kutsutsa kapena kufunsanso munthu wovala yunifolomu kumaoneka ngati mwano, choncho funso lakuti "Mwamva?" yankho lake ndi limodzi basi. Njira yodalirika ndi kupempha wodwala afotokoze yekha zomwe akachite, mlandu namwino n'kudziikira mwini: "Ndikufuna ndione ngati ndafotokoza bwino. Mukafika kunyumba, mankhwalawa mukamwa bwanji?"

Titenge LA, mankhwala a malungo. Munthu wamkulu amamwa mapiritsi 4 nthawi imodzi, maulendo 6 m'masiku 3, onse pamodzi mapiritsi 24. Ulendo wachiwiri ndi pakatha maola 8 chimwereni oyamba, ndipo masiku awiri otsatirawo ndi m'mawa ndi madzulo. Amwere pa chakudya chokhala ndi mafuta pang'ono, monga phala la nsinjiro kapena mkaka, kuti mankhwala alowe bwino m'thupi. Akasanza pasanathe mphindi 30, amwenso ena, ndipo akapitiriza kusanza abwerere kuchipatala. Pofotokoza yekha m'pamene zolakwika zimaonekera: wina anena kuti akapeza bwino asiya, otsalawo asungira mwana. Thanzi ORS nayenso chimodzimodzi. Paketi imodzi ndi ya lita imodzi ya madzi abwino, koma mayi akafunsidwa kuti akasungunulira m'chiyani, mwina atchula kapu ya tiyi, ndipo madzi amchere wochuluka chotero amawonjezera vuto la mwana. Namwino afunse botolo limene lilipo kunyumba, awerengere pa lomwelo. Mfundo zisapose zitatu pa nthawi imodzi, poti munthu wa mantha sagwira zambiri.

Wosamalira wodwala ndi wofunika kwambiri m'zipatala zathu, ndiye amasambitsa, kudyetsa ndi kukumbutsa mankhwala. Komabe asayankhire wodwala amene angathe kulankhula. Pali nkhani zimene mtsikana sanganene pamaso pa mayi ake, ngakhale mkazi pamaso pa apongozi: pathupi, mauka, zotsatira za HIV, nkhanza za m'banja. Namwino anene poyera kuti, "Tikufuna ticheze nawo paokha pang'ono, tikuitanani." Katani ya mu wodi imatchinga maso okha, makutu a bedi loyandikana ali tcheru, choncho mawu atsike kapena apeze chipinda. Wodwala akakhala wolankhula Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena chokha, womasulira akhale wogwira ntchito pachipatalapo ngati alipo, osati mwana wake wamng'ono.

Pali mawu ena omveka achifundo koma otseka pakamwa. "Musadandaule, muchira" amauza wodwala kuti nkhawa yake yathera pompo, ndipo matenda akakula sakhulupiriranso wina aliyense. Kuli bwino kunena chimene ukuona: "Mukuoneka kuti muli ndi mantha. Chikukudetsani nkhawa kwambiri n'chiyani?" Mwina n'kupeza kuti si matendawo ayi, koma ana amene atsala okha kunyumba, ndipo ndicho chingamuthawitse m'chipatala usiku. Funso lakuti "Munali kuti nthawi yonseyi?" nalonso silichiritsa. Wochedwa kubwera ali ndi chifukwa, ndalama ya kabaza, mtsinje wodzadza, kudikira chilolezo cha malume, ndipo akanyozedwa lero ulendo wina achedwa koposa. Wosiya ma ARV afunsidwe kuti, "Sabata yathayi, ndi masiku angati amene sizinatheke kumwa, ndipo chinavuta n'chiyani?" Yankho lake ndi limene limasonyeza pokonza: njala, manyazi, kapena mtunda.

Inu odwala ndi osamalira odwala muli ndi mbali yanu. Musatuluke musanadziwe kuti apeza chiyani, mukachite chiyani kunyumba, ndi zizindikiro ziti zimene zikubwezeni mwamsanga tsiku lobwerera lisanakwane. Nenani mankhwala onse amene mwamwa, a kugolosale ndi achikuda omwe, ndipo ngati n'kotheka bweretsani mapaketi ake. Musanagwiridwe thupi kapena kubayidwa, muli ndi ufulu wouzidwa chimene chichitike ndi kuvomereza. Ngati simunalandiridwe mwaulemu, kaonaneni ndi mkulu wa wodi kapena ombudsman, yemwe ndi wolandira madandaulo pachipatalapo. Nkhani zokhudza khalidwe la namwino kapena mzamba pantchito zimapitanso ku bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi.