Chifukwa chake masewero a Eduardo De Filippo samveka mokwanira papepala

Ambiri amaganiza kuti wolemba masewero amalemba ali yekha, kenako n'kupereka zolembazo kwa ochita zisudzo kuti aziloweze pamtima. Ku Napoli, m'dziko la Italy, mwambo unali wina: wolemba ndiye ankatsogolera gulu, ndipo ankakweranso pansanja n'kusewera nawo. Eduardo De Filippo, amene anabadwa mu 1900 ndi kumwalira mu 1984, anakulira m'mwambo umenewu, popeza bambo ake anali Eduardo Scarpetta, katswiri wa zisudzo zoseketsa. Mu 1931 anayambitsa gulu lake pamodzi ndi mlongo wake Titina ndiponso mng'ono wake Peppino, choncho polemba ankadziwiratu amene adzalankhule mawu aliwonse komanso mmene liwu la munthuyo limamvekera.

Sewero la Filumena Marturano, la mu 1946, analilembera Titina. Limanena za mayi wosadziwa kuwerenga amene ananamizira kuti ali pafupi kumwalira, cholinga chake n'chakuti mwamuna amene anakhala naye zaka zambiri amukwatire mwalamulo, ndipo pambuyo pake anakana kuulula kuti pa ana ake atatu aamuna, wa mwamunayo ndi uti. Mphamvu ya seweroli ili m'chinenero. Filumena amalankhula chinenero cha ku Napoli, cha m'misewu imene anakuliramo, pamene loya wa mwamunayo amalankhula Chitaliyana cha m'mabuku, ndipo woonerera wa kumeneko amangomva pakamwa pa munthu n'kudziwa amene malamulo ali kumbali yake. Womasulira akaika anthu onsewa m'chinenero chimodzi, kusiyana kumeneku kumatayika, ndipo m'kuona kwanga theka la mkangano wa m'seweroli limapita nako.

Chinanso chimene pepala silingathe kusunga ndi kukhala chete. Eduardo ankadziwika kuti amatha kuima pansanja osanena kanthu, nkhope yokha ikugwira ntchito. Mu sewero la Napoli milionaria, limene linaonetsedwa koyamba m'nyumba ya zisudzo ya San Carlo ku Napoli mu 1945 nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanathe, bambo wobwerera kwawo amafuna kufotokoza zimene anaona pa nthawi ya nkhondoyo, koma a m'banja lake, amene alemera ndi malonda ozembetsa, safuna kumumvera. Chisoni chake chimaoneka pamene mawu amuthera pakamwa.

Mwamwayi, wailesi ya kanema ya dziko la Italy yotchedwa RAI inajambula masewero ake ambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1960, iye mwini akusewera. Wophunzira zisudzo ayambe waonera zimenezo, ngakhale asamve chinenerocho, asanatsegule buku.