Kodi SUV ya Banja Ndi Yaulesi Pamsewu?

Ambiri amakhulupirirabe kuti munthu akagulitsa galimoto yake yothamanga ya mipando iwiri n'kugula SUV, galimoto yaikulu ndi yaitali msinkhu yokwera banja lonse, ndiye kuti liwiro watsanzikana nalo. Kale zinalidi choncho, koma zinthu zinayamba kusintha kwambiri mu 2002 pamene kampani ya Porsche inatulutsa SUV yothamanga yotchedwa Cayenne. SUV ina yotchedwa Lamborghini Urus, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 2018, imafika pa liwiro la makilomita 100 pa ola m'masekondi 3.6 okha, chikhalirecho ili ndi mipando ya ana ndi malo a katundu.

Chimene mumatayadi ndi kupepuka. Urus imalemera makilogalamu pafupifupi 2,200 ndipo ndi yaitali msinkhu, choncho pokhota siimvera msanga ngati galimoto yaifupi. Matayala sachedwa kutha, mafutanso imamwa ambiri. Apa pokha odandaulawo ndikugwirizana nawo.

Komatu mukasunga yothamanga ya mipando iwiri ija n'kumangokhala m'galaja, musaiyese kuti ikusungika bwino. Batire limatha mphamvu, matayala amaphwatalala mbali yogunda pansi, mafuta a mabuleki amakoka chinyezi, petulo naye amawonongeka akakhalitsa m'thanki. Zonsezi zikuchitika, inshuwalansi mukulipirabe.